Mawu atsopano m'Chingerezi amachokera kuti? Mafunso ndi mayankho

Pa zaka zimene ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale, pali mafunso amene salephera kubwera chaka chilichonse. Ena amafunsa ndi ophunzira, ena ndi makolo amene apeza mawu achilendo pafoni ya mwana wawo, ena ndi aphunzitsi anzanga tikamachonga mapepala. Ndawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta.

Kodi slang n'chiyani? Ndi chimodzimodzi ndi mawu atsopano?

Ayi. Liwu latsopano likhoza kukhala laulemu wake kuyambira tsiku loyamba. *Podcast*, limene mtolankhani Ben Hammersley analemba m'nyuzipepala ya The Guardian mu 2004, linabwera chifukwa panali chinthu chatsopano chosowa dzina. Slang ndi ina. Amenewa ndi mawu a pocheza, a kagulu, ndipo kawirikawiri amatchula chinthu chimene dzina chili nalo kale. Chingerezi sichinkasowa liwu la ndalama, komabe chili ndi *dough*, *bread* ndi *moolah*. Ntchito ya mawu oterewa ndi kusonyeza kuti wolankhulayo ndi wa gulu liti, ndipo akulankhula ndi ndani.

Ifenso zimenezi timazidziwa. Mnyamata akayankha kuti "bho" kapena "shapu", sikuti waiwala kunena kuti "ndili bwino". Akuuza mnzakeyo kuti ndife amodzi. Apongozi akamupatsa moni, mudzamva wabwerera ku "ndili bwino, kaya inu", manja ali pamodzi.

Ndani amavomereza kuti liwu lalowa m'Chingerezi?

Palibe. Chifalansa chili ndi bungwe la Académie française, lomwe linakhazikitsidwa mu 1635 kuti lizisamala chilankhulocho, koma Chingerezi chilibe mfumu yotere. Sikuti anthu sanayesepo. Mu 1712 mlembi Jonathan Swift anapempha boma la Britain kuti likhazikitse bungwe lokonza Chingerezi ndi kuchiletsa kusintha. Zinathera m'malere. Mwa mawu amene ankamunyansa munali *mob*, *banter* ndi *bamboozle*, ndipo lero onsewa mumawapeza m'nyuzipepala zolemekezeka popanda wodabwa.

Liwu limalowa anthu akamaligwiritsa ntchito ndi kumvana nalo, basi. Madikishonale amabwera pambuyo kudzalemba zimene zachitika kale, monga ndafotokozera pa funso la madikishonale m'munsimu.

Nanga mawuwo amapangidwa bwanji? Munthu amangodzuka n'kupeka?

Mawu opeka kuchokera pa zii ndi ochepa kwambiri. Ambiri amapangidwa ndi zipangizo zakale, ngati mmisiri amene amasula mbaula kuchokera ku chitini cha mafuta.

Njira yosavuta ndi kudula. *Application* inasanduka *app*, *influenza* inasanduka *flu*, *refrigerator* inasanduka *fridge*. Liwu la *mob* limene Swift ankadana nalo lija linadulidwa ku mawu a Chilatini akuti *mobile vulgus*, kutanthauza chikhamu cha anthu osakhazikika maganizo. Njira ina ndi kumata zidutswa za mawu awiri: *smoke* ndi *fog* zinabala *smog* cha m'ma 1905, pamene utsi wa malasha unkaphimba London, *breakfast* ndi *lunch* zinabala *brunch* mu 1895. *Brexit* linaoneka mu 2012, zaka zinayi Britain isanavote zotuluka mu European Union, ndipo linangotengera *Grexit*, limene linkanena za Greece.

Palinso zilembo zoyambirira za mawu angapo zimene zimawerengedwa ngati liwu limodzi. *FOMO* ndi *fear of missing out*, nkhawa yoti anzako akusangalala iwe kulibe. *GOAT* ndi *greatest of all time*, katswiri woposa onse, osati mbuzi. Zina mwa izi zakhazikika moti anthu anaiwala kuti zinali zidule: *radar*, *laser*, *scuba*.

Koma njira imene Chingerezi chimaikonda kwambiri ndi yotenga dzina n'kulisandutsa mneni osasintha chilembo ngakhale chimodzi. Google ndi kampani, koma *to google* ndi kufufuza pa intaneti, ndipo madikishonale a Oxford ndi Merriam-Webster analilemba mu 2006. *Ghost* ndi mzukwa, koma *to ghost* ndi kumusowera munthu mwakachetechete, osayankha mauthenga, osayankha foni, osatsanzika. Ife kuti tichite zoterezi timayika *ku-* kutsogolo, n'chifukwa chake tili ndi kutchaja ndi kufulasha. Mngerezi sasowa ngakhale kachidutswa kameneko.

Yomaliza ndi ya tizidutswa timene timathothoka ku liwu lina n'kuyamba kuyenda patokha. Watergate ndi dzina la nyumba za ku Washington kumene mbava zinathyola ofesi ya chipani cha Democratic mu 1972, nkhani imene inachititsa pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo mu 1974. Kuchokera pamenepo atolankhani akhala akumata *-gate* pa chinyengo chilichonse cha akuluakulu. Ku Britain kunali Partygate, nkhani ya maphwando a ku Downing Street nthawi ya Covid. Kwathu kuno mu 2013, ndalama za boma zitasololedwa ku Capital Hill, panabadwa Cashgate, kenako Maizegate. Amene amati Cashgate pa minibasi sakusowa kudziwa Nixon. Kachidutswako kanafika ku Lilongwe kokha, n'kugwira ntchito yake.

Kodi tingadziwe munthu woyamba kunena liwu lina lake?

Nthawi zina, koma chimene timapeza ndi munthu woyamba kulilemba pamalo pamene lasungika, osati woyamba kulilankhula. *Selfie* ndi chitsanzo chosangalatsa. Pakale kwambiri pamene akatswiri a Oxford analipeza ndi mu 2002, pa tsamba lina la intaneti ku Australia. Mnyamata wina analedzera pa phwando la mnzake, anagwa pa masitepe n'kung'ambika mlomo, anadzijambula, ndipo poonetsa chithunzicho anapepesa kuti sichikuoneka bwino chifukwa chinali *selfie*. Sanalilembe ngati akupeka. Anthu a ku Australia amakonda kumaliza mawu ndi *-ie*, monga *barbie* m'malo mwa *barbecue*, choncho n'zachidziwikire kuti liwulo linali kale pakamwa pa anzake. Linagona zaka khumi, mpaka mafoni okhala ndi kamera yakutsogolo atachuluka ndipo Instagram itabwera.

*Rizz*, lomwe limatanthauza luso lokopa amene ukumufuna, linafalitsidwa ndi Kai Cenat, mnyamata wa ku New York wotchuka pa Twitch, tsamba loonetsera makanema pa intaneti, amene amati ankalinena ndi anzake pocheza. A Oxford amaona kuti linadulidwa pakati pa liwu la *charisma*, ngati mmene *fridge* ndi *flu* anadulidwira.

Mawu ambiri a pa TikTok amati ndi "a Gen Z", m'badwo wa achinyamata amakono. Ndi zoona?

Pang'ono chabe, ndipo apa ndimafuna ophunzira anga amvetse bwino. Mawu ochuluka amene amatchedwa a ana amakono a pa intaneti anachokera kwa anthu akuda a ku America, ndipo ena ndi akale kuposa makolo a anawo. *No cap*, kutanthauza "sindikunama", linayenda ndi nyimbo za rap za ku Atlanta lisanafike pa TikTok. *Slay* (kuchita bwino mogometsa), *throw shade* (kunyoza mobisa) ndi *spill the tea* (kuulula miseche) anakulira m'mipikisano ya mavalidwe ndi magule ya ku New York m'zaka za m'ma 1980, pakati pa anthu akuda ndi a Chilatino amene ankasalidwa chifukwa chokonda amuna kapena akazi anzawo. Patapita zaka zambiri ndi pamene wailesi yakanema ndi masamba a mchezo zinawatengera kwa aliyense.

Ulendo wa liwu la *woke* ukuonetsa zonse. Mu 1938 woimba Lead Belly, polankhula za anyamata asanu ndi anayi akuda a ku Scottsboro amene anawanamizira mlandu wogwiririra ku Alabama, anachenjeza anthu akuda oyenda kumeneko kuti *stay woke*, akhale maso. Liwulo linakhala pakati pa eni ake zaka zambirimbiri. Mu 2014, wapolisi atapha Michael Brown ku Ferguson ndipo gulu la Black Lives Matter litakula, linamveka dziko lonse. Oxford English Dictionary inalemba tanthauzo limeneli mu 2017. Pasanapite nthawi andale analilanda, ndipo lero ku America ndi ku Britain ambiri amaligwiritsa ntchito ponyoza. Liwu lomwe linali chenjezo la munthu wofuna kufika kwawo wamoyo lasanduka mwala woponyerana pa kampeni.

N'chifukwa chake pamakhala kudandaula. Mwana wakuda akalankhula mawu amenewa kusukulu amauzidwa kuti Chingerezi chake n'chothyoka. Kampani ikawalemba pa chikwangwani cha malonda amati ndi zamakono.

Ku Britain nako slang imachokera ku America?

Ina imachokerako, koma London ili ndi khitchini yakeyake. Kuyambira 1948, pamene sitima ya Empire Windrush inafika ndi anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina, m'madera monga Brixton ndi Hackney mwakhala mukukulira limodzi ana a makolo ochokera ku Caribbean, West Africa, Bangladesh, Somalia ndi Angerezi eniake. Kalankhulidwe kamene kanatuluka pamenepo akatswiri amakatcha Multicultural London English. *Wagwan* ndi moni wochokera ku Jamaica, *mandem* ndi anyamata a gulu lako, *bare* ndi "zambiri", *peng* ndi chinthu chokongola kapena chokoma. Nyimbo za grime ndi drill, za oimba ngati Stormzy, zakafikitsa m'matauni akutali ndi London. Amene muli ndi abale ku Britain mwina munamvapo mwana wawo akulankhula pa foni n'kudabwa kuti Chingerezi cha Mfumu chija chili kuti.

Chisanabwere chimenechi, kummawa kwa London kunali slang ya a Cockney ya m'zaka za m'ma 1800, yobisa liwu ndi mawu ena omveka mofanana kumapeto. *Stairs* ankati *apples and pears*, *head* ankati *loaf of bread*. Kenako ankadula mbali yofananayo, n'kutsala *loaf* yokha, kuti mlendo asatolepo kanthu. Mngerezi akamati *use your loaf* akukuuza kuti uganize, za buledi palibe.

Intaneti yasintha chiyani kwenikweni?

Liwiro. Njira zopangira mawu ndi zomwe zija ndatchula pamwambapa, koma kale liwu linkayenda ndi asilikali, amalinyero, oimba ndi mafilimu, ndipo linkatenga zaka. Mu June 2014 mtsikana wina wa kufupi ndi Chicago anadzijambula m'galimoto kanema wa masekondi sikisi pa Vine, tsamba la timakanema tatifupi, akuyamikira nsidze zake kuti zili *on fleek*, kutanthauza kuti zakonzedwa bwino zedi. Chaka chisanathe mawuwa anali m'nyimbo, pa malaya ndi pa malonda a makampani a zakudya. Mwini wake sanaone ndalama za malondawo. Vine yomweyo inatsekedwa mu 2017, ndipo lero wonena *on fleek* amasekedwa ngati wavala fasho ya dzana.

Chachilendo chenicheni ndi mawu opangidwa pozemba makina. Masamba ngati TikTok ndi YouTube ali ndi mapulogalamu amene amabisa kapena kulanda ndalama makanema otchula imfa, kudzipha ndi kugonana. Opanga makanema anayamba kunena *unalive* m'malo mwa *kill*, ndi kulemba *seggs* m'malo mwa *sex*. Kalankhulidwe aka amakatcha *algospeak*. Kuzemba mawu olemera si kwachilendo kwa ife amene timati munthu watisiya kapena watsikira kuli chete. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaopa kupweteka mtima wa namfedwa, pomwe iwo akuopa kompyuta.

Masewera a pa kompyuta nawo athirapo: *noob* ndi wongoyamba kumene, *nerf* ndi kuchepetsa mphamvu ya chinthu, *NPC* ndi munthu wongotsatira ngati chidole cha m'masewera. Ndipo kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, tamva *slop*, zolemba ndi zithunzi zachabechabe zopangidwa ndi makina.

Kodi mawu onse omveka atsopano ndi atsopanodi?

Ambiri ndi nkhalamba zovala jinzi. *OMG*, chidule cha *oh my God*, inapezeka m'kalata imene Lord Fisher, mkulu wopuma wa asilikali apamadzi a Britain, analembera Winston Churchill mu 1917. *Brain rot*, kufooka kwa ubongo chifukwa choonera zopanda pake pafoni, a Oxford anaipeza m'buku la Henry David Thoreau lotchedwa Walden, la mu 1854. *Sus*, kutanthauza wokayikitsa, inatchuka ndi masewera a pa kompyuta a Among Us mu 2020, koma ku Britain m'zaka za m'ma 1970 kunali kale *sus law*, lamulo limene apolisi ankamangira munthu pongomukayikira, ndipo ovutika nalo kwambiri anali anyamata akuda. *Gaslighting* inachokera ku sewero la mu 1938 la mwamuna amene ankapusitsa mkazi wake kuti adziyese wamisala. *Meme* analipanga ndi wasayansi Richard Dawkins mu 1976, kulibe Facebook.

N'chifukwa chiyani sick, wicked ndi bad nthawi zina amatanthauza zabwino?

Chifukwa mawu oyamikira amasuluka msanga. *Good* ukalinena kambirimbiri silikomanso, ndiye achinyamata amatenga liwu loopsa kuti chiyamikirocho chilume. Ifenso timati "waimba moopsa" kapena "ndi woopsa pa mpira", ndipo palibe amathawa.

Kutembenuka kwa matanthauzo ndi kwakale. *Nice* linachokera ku Chilatini *nescius*, mbuli, ndipo m'Chingerezi chakale linkatanthauza wopusa. *Silly* linkatanthauza wodala. *Literally*, kutanthauza "zenizeni, osakokomeza", limene anthu amakwiya nalo wina akati *I literally died* ali moyo, lakhala likugwiritsidwa ntchito pokokomeza kuyambira m'zaka za m'ma 1700.

Liwu limalowa bwanji m'dikishonale?

Olemba madikishonale ndi osonkhanitsa umboni. Ali ndi nkhokwe za pa kompyuta zosunga mawu mabiliyoni ochokera m'nyuzipepala, m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo amayang'ana zinthu zitatu: kodi liwulo likupezeka m'malo ambiri osiyanasiyana, kodi lakhala kwa nthawi, ndipo kodi olemba akuligwiritsa ntchito osalifotokoza, poganiza kuti wowerenga akulidziwa kale. Likakwanitsa, amalemba tanthauzo kuchokera pa ziganizo zenizeni zimene apeza.

Madikishonale amasiyana mtima. Oxford English Dictionary, imene gawo lake loyamba linatuluka mu 1884 ndipo yonse inamalizika mu 1928, ndi ya mbiri ya mawu. Imawonjezera mawu kanayi pachaka, imachedwa kulandira, koma liwu likalowa silichotsedwanso. Ena ngati Cambridge ndi Collins amafulumirako. Nthawi ya mliri zonse zinathamanga: World Health Organization inalengeza dzina la *COVID-19* pa 11 February 2020, ndipo mu March momwemo Merriam-Webster inali italilemba kale. Mawu ngati *lockdown*, *quarantine* ndi *social distancing* analipo kale, anangotuluka m'mabuku a akatswiri n'kulowa m'nyumba.

Kulembedwa m'dikishonale sikutanthauza kuti liwulo ndi loyenera paliponse. Yang'anani kachizindikiro kali pambali pake: *informal*, *slang* kapena *offensive*. Ophunzira ambiri amadumpha kachizindikiroka.

Nanga Word of the Year ndi chiyani?

Ndi mwambo wa kumapeto kwa chaka pamene dikishonale iliyonse imasankha liwu limene ikuona kuti lanyamula mzimu wa chakacho. Oxford inasankha *selfie* mu 2013, *post-truth* mu 2016, *rizz* mu 2023 ndi *brain rot* mu 2024. Mu 2015 inadabwitsa anthu posankha kachithunzi ka nkhope yoseka mpaka misozi, ndipo mu 2022 inasiyira anthu kuti avote, oposa 300,000 n'kusankha *goblin mode*, khalidwe longodzigonera mwaulesi osasamala za maso a anthu. Collins inasankha *lockdown* mu 2020. Kunena zoona, mwambowu ndi malondanso, njira yoti dikishonale imveke pa nkhani. *Youthquake* ya Oxford ya mu 2017 anthu ambiri anaimva koyamba tsiku lolengezalo, ndipo sindinamvepo munthu akuinena pocheza.

N'chifukwa chiyani mawu ena amafa msanga, ena n'kukhala?

Slang imakoma ikakhala ya kagulu. Makolo, aphunzitsi ndi otsatsa malonda akangoidziwa, eni ake amaitaya n'kusaka ina. Ndikalowa m'kalasi n'kunena kuti *no cap*, ana amaseka mogwira pamimba, ndipo ndimadziwa kuti ndalithandiza liwulo kufa.

Amene amapulumuka nthawi zambiri ndi afupi, osavuta kutchula, otha kugwira ntchito zingapo, komanso otchula chinthu chimene chinalibe dzina labwino. *Cool* linatchuka ndi oimba jazz a m'zaka za m'ma 1940 ndipo mpaka lero silinakalambe. Koma ngwazi ndi *OK*. Linayamba ngati nthabwala ya atolankhani a ku Boston mu 1839, amene ankakonda kufupikitsa mawu olembedwa molakwika dala: *all correct* analemba *oll korrect*. Nthabwala zinzake za nthawiyo zinafa zonse. Ili linapulumuka chifukwa chaka chotsatira, pa chisankho cha 1840, otsatira pulezidenti Martin Van Buren, amene ankatchedwa Old Kinderhook potengera mudzi wa kwawo, analisandutsa mfuwu wa kampeni. Van Buren anagwa pa chisankhocho. Liwulo ndi limene lero agogo kumudzi amati "oke" akamamaliza kulankhula pa foni.

Kodi Chingerezi chimabwerekanso mawu ku zilankhulo za kuno ku Africa?

Kwambiri, ndipo kubwereka ndi khalidwe lake lakale. A Norman olankhula Chifalansa atalanda England mu 1066, Chingerezi chinameza mawu awo masauzande. N'chifukwa chake nyama ili m'khola ndi *cow* ndi *pig*, koma ikafika pa mbale ya bwana ndi *beef* ndi *pork*. *Shampoo* ndi *bungalow* anachokera ku India, *safari* ku Chiswahili, *emoji* ku Chijapani, ndipo kufanana kwake ndi *emotion* n'kongochitika. Paja mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa.

Chatsopano n'chakuti madikishonale ayamba kulemba Chingerezi cha anthu a ku Africa eniake. Mu January 2020 Oxford English Dictionary inalowetsa mawu a ku Nigeria monga *okada*, njinga yamoto yonyamula anthu, *danfo*, minibasi ya ku Lagos, ndi *next tomorrow*, kutanthauza mkuja. Mu 2022 inalowetsa a ku East Africa monga *daladala*, *nyama choma* ndi *chips mayai*. Pambuyo pake panalowa *japa*, liwu la Chiyoruba lonena za kuthawira kunja kukasaka moyo wabwino. Ku South Africa *robot* ndi magetsi a pamsewu, ndipo maloboti athu anachokera komweko.

Ophunzira amandifunsa za *ganyu* ndi *kabaza*, amene atolankhani athu amawalemba m'nkhani za Chingerezi tsiku ndi tsiku. Njira yake ndi yomwe ija ya umboni. Mawu a ku Nigeria sanalowe chifukwa cha chifundo cha a Oxford, analowa chifukwa olemba mabuku, oimba, opanga mafilimu ndi atolankhani a kumeneko anawalemba mosachita manyazi kwa zaka zambiri.

Mwana wanga amalemba zachilendo pa WhatsApp. Kodi Chingerezi chake sichiwonongeka, makamaka pa mayeso?

Funso ili ndi limene makolo amabwera nalo nkhope itagwa. Yankho langa n'lakuti slang payokha siiwononga. Akatswiri a pa Coventry University ku England anafufuza ana asukulu mu 2008 ndi 2009, ndipo anapeza kuti amene ankafupikitsa mawu kwambiri pa mauthenga a pafoni sankalephera kalembedwe kuposa anzawo. N'zomveka: kuti ulembe *gr8* uyenera kudziwa kamvekedwe ka *great*.

Vuto limabwera mwana akalephera kusiyanitsa malo. Chaka china ndinapatsa a Fomu 3 ntchito yolemba kalata yofunsira ntchito. Mnyamata wina wanzeru zake, wolemba mwaukhondo, anamaliza ndime yachiwiri ndi chiganizo choti *I am lowkey the best candidate for this job*. Ndinazunguliza liwulo ndi cholembera chofiira n'kumuitana.

"Aphunzitsi, koma ndimafuna kudzichepetsa," anatero. "*Lowkey* ndi ngati kunena kuti sindikudzitama."

Ndinamufunsa ngati angalowe mu ofesi ya ahedi n'kunena kuti "aise, zikuyenda?" Anaseka, nati sangayerekeze. Tinakhala pansi n'kupeza kuti chimene ankafuna kunena chinali *I believe I am well suited to this job*. Tanthauzo analidziwa bwino, ndipo ulemu umene ankaufunawo unali woyenera, anangovala malaya a kumpira popita ku ukwati.

Choncho musamulande foni chifukwa cha mawu. Muonetsetse kuti akuwerenganso zinthu zazitali, nyuzipepala, mabuku a nthano, chilichonse cha ndime zathunthu, chifukwa m'menemo ndi mmene khutu limaphunzira Chingerezi cha ku ofesi. Pa MSCE, m'chimangirizo ndi m'kalata, slang asaiyike, pokhapokha ngati akulemba nthano ndipo mawuwo ali m'kamwa mwa mtengambali.

Ndikakumana ndi liwu losalidziwa, ndifufuze kuti?

Yambani ndi madikishonale a ulere a pa intaneti monga Cambridge, Collins ndi Merriam-Webster. Likasowa kumeneko pali Urban Dictionary, imene inayamba mu 1999, koma muziwerenga mosamala chifukwa aliyense amalembamo, ndipo matanthauzo ambiri ndi nthabwala kapena zolaula. Wofuna mbiri yozama apite ku Green's Dictionary of Slang ya Jonathon Green, imene ili pa intaneti ndipo imaonetsa chaka chimene liwu linaonekera. Njira yachidule kuposa zonse ndi kufunsa mwana wa m'nyumba mwanu momwemo.

Chachikulu, musaligwiritse ntchito musanatsimikize. Mu 2012, pa kafukufuku wa Leveson wokhudza atolankhani ku Britain, zinaululika kuti David Cameron, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu, ankamaliza mauthenga ena ndi *LOL* poganiza kuti ndi *lots of love*, mpaka anachita kuuzidwa kuti ndi *laugh out loud*. Iye zinangomuchititsa manyazi. Inu taganizani mutalemba zimenezo pa gulu la WhatsApp la maliro.

Nanga skibidi ndi 6-7 zikutanthauza chiyani?

Pafupifupi palibe, ndipo kukoma kwake n'komweko. *Skibidi* inafala ndi timakanema ta pa YouTube toyambira mu 2023, toonetsa mitu ya anthu ikutuluka m'zimbudzi. Ana amalinena potanthauza chabwino, choipa, kapena pongofuna kuseka, ndipo Cambridge inalilemba mu 2025. *6-7*, imene amaitchula kuti *six seven* uku akukweza ndi kutsitsa manja ngati akuyeza kulemera kwa zinthu ziwiri, inachokera m'nyimbo ya rap n'kufalikira ndi makanema a basketball, ndipo Dictionary.com inaisankha kukhala liwu la chaka cha 2025. Amene anavutika nayo ndi aphunzitsi a masamu ku America ndi ku Britain. Ukangoti tsegulani tsamba 67, kapena yankho likangotuluka 67, kalasi yonse imaphulika, moti masukulu ena anafika poiletsa.